Kabakha ka M'kompyuta ya Bambo

Bambo anga anakhoma msomali pakhoma la pabalaza mayeso asanalembe n'komwe. Anaukhoma pakati pa satifiketi yanga ndi ya mchimwene wanga, pomwe kale pankakhala kalendala, ndipo kwa miyezi isanu ndi umodzi msomaliwo unangokhala choncho, wopanda chopachikapo. Alendo akafunsa, amayi ankayankha kuti, "Musauseke, n'ngwa digiri ya a Makaniko." Bambo ankangoti, "Sekani. Likubwera pepalalo."

Zaka makumi anayi anakhala pansi pa magalimoto a anthu. Amene anawaphunzitsa kugwira sipanala lero ali ndi magalaja awoawo, mapepala awo ali m'mafulemu, koma mphunzitsi wawoyo analibe ngakhale kapepala konena kuti amadziwa kanthu. Sukulu anaisiya ali wamng'ono. Ndiye atapuma pantchito, mchimwene wanga anawapatsa laputopu yake yakale n'kuwalembetsa maphunziro a pa intaneti a zamagetsi a m'galimoto. Mayeso omaliza anali Loweruka, 2 koloko masana, ndipo zotsatira zimatuluka pompopompo. Mwayi unali umodzi basi, ukalephera ndiye uyambirenso maphunziro onse chaka chamawa. Lamulo lake linalinso lokhwima: ukachoka patsamba la mayeso katatu, kaya mwadala kaya mwangozi, tsambalo limadzitsekera lokha, iwe walephera.

Ine ndimakonza makompyuta pa ofesi ina yaikulu. Bambo amanditchula kuti Injiniya, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati n'kunyadira kapena n'chipongwe. Munthu ameneyu sayamikira. Galimoto akaikonza bwino kwabasi, mawu awo apamwamba kwambiri ndi akuti, "Yayenda." Ine mawu amenewo anali asanandigwerepo. Tsiku limene ndinabweretsa satifiketi yanga anaitembenuza kumbuyo ngati akufuna podontha oyilo, n'kungoti, "Chabwino."

Lolemba la sabata ya mayeso amayi anandiimbira ndili kuntchito.

"Injiniya, bwera udzaone mkazi mnzanga."

"Mukuti chiyani amayi?"

"Bakha! Walowa m'kompyuta. Akuwavinira bambo ako tsiku lonse, iwo maso ali dwii. Ine zaka zonsezi sanandiyang'anepo choncho."

Nditaweruka ndinadzera komweko. Chipinda chowerengeramo bambo ndi chija chinali cha mchimwene wanga. Tebulo lake si tebulo wamba ayi, ndi benchi ya kugalaja, yakuda bii ndi oyilo wa zaka zambiri, vayisi yopanira zitsulo ikadali yomangirira kumapeto. Laputopu amaiika pa thaulo lopinda kuti isade. Kumanja kuli thireyi yachitsulo imene ankaikamo mabawuti akamamasula injini, ndipo pambali pake pali buku lachikuto cholimba lomwe amalembamo ntchito iliyonse: tsiku, vuto, chimene chachotsedwa, chimene chabwezeredwa. Kugalaja lamulo lawo lalikulu linali limodzi, ndipo anafe tinakula tikuliimba ngati nyimbo: ntchito ikatha, m'thireyi musatsale bawuti ngakhale limodzi. Ati makaniko wotsaza bawuti ndi wopha anthu.

Ndinatsegula bulawuza, pulogalamu ija timalowera pa intaneti. M'malo mwa tsamba la sukulu kunatulukira kabakha kachikasu, kovala mandala akuda, kakugwedeza mchira uku kakulira kuti kwaa kwaa. Pansi pake panalembedwa zilembo zikuluzikulu zoti MWAWINA. Ndinakatseka. Sipanathe mphindi, tsamba lina linadzitsegula lokha, lotsatsa matayala. Kenako mankhwala omeretsa tsitsi. Kenako mankhwala ochepetsa mimba.

"Tsitsi ndi mimba," anatero amayi ali pakhomo, manja m'chiuno. "Kakuwadziwa bwino amuna anga."

"Kalowa bwanji aka?" ndinafunsa bambo.

"Ndimafuna chithunzi cha mawaya a galimoto ina. Panali batani lalikulu lobiriwira, ndinadina. Kenako kanapempha chilolezo."

"Inu n'kuvomera?"

"Nanga ndikanakana bwanji? Kanapempha mwaulemu."

Ndinaseka, osadziwa kuti ndikuseka tsoka langa lomwe. Ntchito zotere kuofesi ndimazichita uku ndikumwa tiyi. Ndinalowa pamndandanda wa mapulogalamu, kukapeza, kukachotsa. Ndinalowa m'bulawuza, kuchotsa kachidutswa kake komwe kanadzimatiramo, n'kubwezera tsamba la sukulu pamalo pake. Pomaliza ndinapita m'foda ya zinthu zokopera pa intaneti, kupeza fayilo imene inabweretsa zonsezi, n'kuiponya m'bini. Biniyo sindinaikhuthule. Ine bini ya munthu sindikhuthula, ndinalapa kalekale. Chaka changa choyamba pantchito ndinakhuthula ya bwana wina pofuna kumuchitira zabwino, osadziwa kuti mkuluyo amasungamo makalata ake onse ofunika, ati ndi pamalo pokhapo pomwe saiwala. Ndinatsala pang'ono kuona msana wa njira.

Mphindi khumi ndi zisanu, ntchito yatha. Bambo anaima kumbuyo kwanga nthawi yonseyo, manja kumsana, kupuma m'khosi mwanga.

"Palibe chatsala?" anafunsa.

"Palibe, bambo. Zazing'ono izi."

"Mmm," anatero. Ndinanyamuka mapewa ali m'mwamba.

Lachiwiri bambo sanayatse kompyuta. Lachitatu m'mawa uthenga wa amayi unalowa pafoni: "Mkazi mnzanga wabwerako kwawo. Paja amati mlendo ndi mame, koma uyu wabwera ndi katundu yense."

Ine mtima wanga ndi wapachala, ndinatengera amayi. Tsiku lonse kuntchito ndinkangolalatira makina osalakwa. Madzulo ndinafika ndi nkhope yomanga, osakhala n'komwe pansi kuti ndifunse za moyo.

"Bambo, mwadina chiyani?"

"Ine? Chachilendo sindinadine chilichonse."

"Mulumbire."

"Iwe, ndine bambo ako, osati wakuba nkhuku."

Ulendo uno ndinalowa mozama. Fayilo ija ndinaipeza yabwerera pamalo pake penipeni, ndipo ndinati mumtima, eya, kanthu aka kamadzikopera kokha, kali ndi mizu penapake. Ndinafufuza pamndandanda wa ntchito zimene kompyuta imayambitsa yokha ikayaka, n'kupezamo imodzi ya dzina losamveka, zilembo ndi manambala zongosakanikira. Ndinaichotsa. Ndinapeza mafoda awiri obisika, kuwaponya m'bini pamodzi ndi fayilo ija. Bulawuza ndinaibwezera mmene inabadwira. Kenako ndinayendetsa pulogalamu yosaka mavairasi, ife atatu n'kukhala pamenepo kuyang'ana kamzere kobiriwira kakuyenda ngati bilimankhwe. Zinatenga maola awiri. Amayi anabweretsa tiyi, kubwera kudzatenga makapu, kamzere kasanafike pakati.

"Ulendo uno ndakazula ndi mizu yomwe," ndinatero ndikutseka chikwama. "Kakabweranso munditchule dzina lina."

"Palibe chatsala?"

"Bambo, ndati palibe!"

"Mmm."

Lachinayi kanali katabwerera. Ine ndiye sindikanatha kupita, kuofesi tinkasamutsa makompyuta a nsanjika yonse, Lachinayi ndi Lachisanu lomwe. Panthawi ya nkhomaliro ndinkangowerenga zimene anthu ena alemba pa intaneti za kabakha komweka, ndipo aliyense ankanena zomwe ndinachita kale. Manyazi anandigwira. Anthu mazana awiri amandidalira kuntchito, ine n'kumagonja kwa bakha wa mandala!

Lachisanu masana foni inalira, ndipo sanali amayi. Anali bambo. Munthu ameneyu saimba foni, amangouza amayi kuti, "Muuzeni mwanayo."

"Injiniya, ndimayesa mayeso oyeserera aja. Kabwera katatu mphindi khumi zisanathe. Tsamba latsekeka." Kenako anati, "Kapena ndingousiya chaka chino. Kaya chamawacho maso adzakhala akuonabe."

Mawu amenewo anandilasa. Ndinakhala pansi pa katoni ya makompyuta, pakati pa khonde, anthu akundilambalala. Zoti ndiwabwereke laputopu yanga sizikanatheka, chifukwa asukulu anali atayendera kale laputopu ya bamboyo ndi kamera yake, n'kuilembetsa kuti mayeso alembedwera pamenepo. Kusintha makina kumafuna masiku atatu. Kufufuta kompyuta yonse n'kuyambira pachiyambi kukanafufutanso chilolezo chomwecho. Madzi anafika m'khosi.

"Bambo, musausiye. Mawa 9 koloko ndili pamenepo. Mulemba mayesowo."

Loweruka ndinafika nthawi isanakwane. Ndinapeza bambo atavala kale shati yoyera yosita, ndi taye, ngati mayeso akawalembera kwa ajaji. Kabakha nako kanali pamalo pake, kakuvina.

Ndinabwereza zonse, pang'onopang'ono, chilichonse ndikuchiyang'ana kawiri. Pofika hafu pasiti 11 kompyuta inali yoyera ngati shati ya mwini wake. Koma sindinanyamuke. Ndinati lero ndiona ndi maso angawa pomwe kamalowera, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinakoka mpando n'kukhala ndwii pamenepo ola lathunthu. Ndinazimitsa, kuyatsa, kutsegula bulawuza, kutseka, kutsegulanso. Zii. Tsamba la sukulu lokhalokha.

"Iwe, ufera pamenepo?" amayi anakuwa ali kukhitchini. "Bwera udzamwe tiyi, bakha saopa nkhope yako."

Ndinapita. Nditamwa theka la kapu ndinakumbukira kuti foni ndaisiya pabenchi paja, ndipo ndinabwerera. Nsapato ndinali nditavula, ndiye sanandimve.

Bambo anali atakhala pampando wanga uja, magalasi kumapeto kwa mphuno, lilime lili pakona ya mlomo monga amachitira akamalowetsa bawuti pamalo opanikizika. Bini inali yotsegula. Ndinaona ndi maso anga akusankha fayilo ija, kuibwezera pamalo pake, kuitsata komweko, n'kuidina kawiri. Kabokosi kopempha chilolezo kanatulukira. Ndisanatsegule pakamwa, chala chinali chitavomera kale.

"BAMBO!"

Anadzidzimuka mpaka mausi inagwa pansi. Amayi anabwera chothamanga, kansalu kopukutira mbale kali m'manja.

"Mukutani? Mukutani, bambo? Masiku onsewa ndinu? Ine kusowa tulo, kunyozeka, kumayesa ndine mbuli, kani bakhayo mumamuitana ndinu!"

"Tsitsa mawu," anatero, akukonza taye. "Ndimakuthandiza."

"Kundithandiza?"

"Umasiya zotsala, Injiniya. Nthawi iliyonse. Ndimakufunsa kuti palibe chatsala, iwe umati palibe. Ukachoka ndikayang'ana m'thireyi yakoyi, zili mbwee. Ndiye ndimangobwezera chilichonse pamalo pake, n'kuyesa ngati chikugwira. Ndimati bakhayo akubwerera chifukwa makina sunawamange onse."

Kenako ndinamvetsa chifukwa chake munthu wanzeru ngati ameneyu sanalumikize ziwirizi: kanthuko kakalowa kamayamba kabisala phee, n'kudzadzuka kompyuta ikazimitsidwa ndi kuyatsidwanso. Iwo ankabwezera madzulo, zonse zili bwino, n'kukagona mtima uli m'malo. Bakha ankabwera m'mawa.

"Nanga osandiuza bwanji?"

Maso awo anapita pabuku lija, ndipo ine ndinalitenga asanalibise. Zilembo zawo ndi zazikulu, zopendama, chilichonse cholembedwa mwamphamvu mpaka kuonekera kuseri.

Lolemba. Vuto: bakha. Zotsala: chimodzi. Ndabwezera, ndayesa, chikugwira.

Lachitatu. Vuto: bakha yemweyo. Zotsala: zitatu. Ndabwezera zonse. Mwana akumatopa kuntchito. Asauzidwe, angachite manyazi.

Ukali wonse unathera pomwepo. Masiku onsewa ine ndikulimbana ndi bakha, iwo anali kalikiliki kundibisira manyazi, kutolera mabawuti a mwana wawo mwakachetechete kuti asadziwike kuti ndi makaniko wosalongosoka. Ndinafuna kulira, ndinafunanso kuseka, ndipo zimene zinatuluka ndi phokoso lina lake ngati pampu yobooka.

"Bambo," ndinatero nditapeza mpweya, "munthu akabwera ndi tayala laphwa, mukapezamo msomali, mukauzula. Mukamata tayalalo, msomali uja mumaubwezera?"

Anandiyang'ana. Anayang'ana kompyuta. Anavula magalasi pang'onopang'ono.

"Si bawuti?"

"Si bawuti. Ndi msomali."

"Hoo." Makutu awo anafiira. Koma makaniko wakale sagonja chonchi ayi. Anandiloza ndi magalasi aja. "Ndiye iwe msomali umauika m'thireyi ya mabawuti chifukwa chiyani? Anakuphunzitsa ndani? Msomali ukauzula umauonetsa mwini galimoto, n'kuutaya kutali. Sausiya pomwe munthu angautole."

Pamenepo ndiye anandigwira pakhosi. Ndinayamba kufotokoza za bwana uja wosunga makalata m'bini, koma amayi anandidula.

"Ine ndimati bakha m'nyumba muno ndi mmodzi," anatero, "kani alipo atatu. Taonani wotchi, abakha inu!"

Inali 1 koloko itadutsa ndi mphindi zisanu. Ndinakankha bambo pampando mwaulemu wochepa kwambiri n'kuyamba. Ndinadina kuti kachoke. Kompyuta inati iyambe yazima n'kuyakanso. Itayaka, kwaa kwaa! Kabakha kali balamanthu, ndipo ulendo uno kanali katakoka mtundu wake watsopano pa intaneti, wovala chipewa. Ndinadina kuchotsa, kompyuta inati pulogalamuyi ikugwira ntchito, singachotsedwe. Ndinapita kokaimitsa, n'kupeza kuti tibakhato tilipo tiwiri. Ndikapha kamodzi, kanzake kamakadzutsa. Ndikapha kanzakeko, koyamba kaja kabwerera. Masamba a matayala ndi a tsitsi anali akungotseguka okha, wina pamwamba pa mnzake. Thukuta linali kamukamu, mutu unangoti balala. Zinthu zimene ndimazidziwa ngati dzina langa zinandithawa.

Dzanja lolemera linagwa paphewa langa.

"Injiniya, injini ikulira sumasula lamba. Kanthu aka kakumwa kuti mafuta?"

"Pa intaneti."

"Ndiye dula paipi."

Sanadikire yankho. Anapita pakhonde pomwe pali kabokosi ka intaneti kothwanima tinyali, n'kuzula waya wake. Masamba aja anayamba kutseguka opanda kanthu, oyera mbee. Mutu wanga unabwerera m'malo mwake. Pali njira ina yoyatsira kompyuta kuti idzuke ndi zofunikira zokhazokha, zina zonse zili mtulo, ndipo ndinayenera kuikumbukira kalekale. Ndinayatsa mwa njira imeneyo. Kabakha sikanalire. Ndinakachotsa pamndandanda, ndipo kanachoka ngati mwana womvera.

Koma mafoda ake obisika aja bambo anali atawabwezeranso ine ndikumwa tiyi, ndipo nthawi yosakasaka ngati Lachitatu panalibe. Pulogalamu yosaka mavairasi ikanatha mayeso atatha kale. Wotchi inati hafu pasiti 1.

"Anali kuti kodi mafoda aja?" ndinkadzifunsa mokweza, ndikutsegula uku ndi uku. "Dzina lake linali chiyani?"

Bambo ananyambita chala n'kutembenuza tsamba la buku. "Loyamba, x, seveni, k, k, folo, q. Ndinalibwezera m'chipinda chachitatu kuchokera pamwamba, m'kati mwa foda ya dzina la mchimwene wako."

Ndinatembenuka. Kuseri kwa tsamba lililonse anali atakopera dzina la chilichonse chimene anabwezera, chilembo ndi chilembo, ndi komwe chinapita. Kuofesi kwathu kulibe munthu ngakhale mmodzi amene amalemba ntchito mwadongosolo chonchi, ine ndemwe ndikuphatikizidwa.

"Werengani, bambo! Werengani zonse!"

Iwo ankawerenga, ine ndinkasaka n'kuponya m'bini, amayi ankalengeza nthawi mphindi iliyonse ngati wina wawalemba ntchito. Chachiwiri. Chachitatu, fayilo yoyambitsa mavuto ija. Ndinatsuka bulawuza komaliza, kubwezera tsamba la sukulu, kenako ndinatsegula bini n'kudzuka pampando.

"Khalani apa. Mukhuthule nokha."

Anakhala. Anagwira mausi, chala chili m'mwamba, osatsika. Zaka makumi anayi munthu ameneyu sanatayepo ngakhale kawasha ka pabawuti.

"Zonse?"

"Zonse."

"Osasungako kamodzi ka sipeya?"

"A Makaniko," anatero amayi, "mukapanda kudina ndidina ndi chigongono."

Anadina. Bini inangoti see. Anapumira m'mwamba ngati munthu wochokera kumaliro, n'kupita kukabwezera waya wa intaneti. Tinazimitsa kompyuta, kuiyatsa mwa masiku onse, tonse atatu mpweya titaugwira. Tsamba la sukulu linabwera lokha, laulemu, lopanda mchira. Kunali kutatsala mphindi khumi ndi ziwiri.

M'chipinda cha mayeso simuloledwa munthu wina, kamera imaona. Ndiye bambo anakonza taye, kupukuta magalasi, n'kutitsekera chitseko. Ine ndi amayi tinakhala pansi pakhonde, misana kukhoma, miyendo titatambasula ngati ana olangidwa. Mayesowo ndi a ola limodzi ndi theka. Sindinamvetserepo chitseko mmene ndinamvetsera tsiku limenelo. Mpando ukalira kuti kwii, mtima wanga unkadumpha kuyesa ndi bakha.

"Akalephera, msomali uja ndipachikapo chipewa changa," ananong'ona amayi. Kenako anapukuta m'maso ndi kansalu ka mbale kaja. "Ukudziwa, amene ankawaphunzitsa ntchito aja akamapita kokalemba mayeso, bambo ako ndi amene ankawaperekeza mpaka pageti. Ankawadikira panja, m'galimoto, mpaka atuluke. Akabwera kunyumba sankadya bwino. Sananenepo kanthu, koma ine ndinkaona."

Ndinawagwira dzanja.

Hafu pasiti 3 inakwana. Chitseko zii. Mphindi imodzi, ziwiri, zisanu. Amayi anayamba kupemphera motsitsa. Ndinayamba kale kukonza mawu owatonthoza, ndipo onse ankamveka opusa.

Chitseko chinatseguka. Bambo anatuluka taye atamasula, nkhope yosawerengeka ngati masiku onse. Anatiyang'ana pansi pomwe tinakhalapo.

"Mayi a Injiniya, nyundo yanga ili kuti?"

"Nyundo ya chiyani? Mwakhoza kapena ayi? Lankhulani, bambo inu!"

"Msomali uja ndinaukhoma mwachibwana," anatero. "Fulemu imalemera. Ungagwetse pepala langa."

Amayi anakuwa mpaka galu wa aneba anayamba kuuwa. Anadzuka ngati mtsikana, kuwamenya bambo ndi kansalu ka mbale paphewa, pamsana, pamutu, uku akuseka uku akulira, bambo akungotchinga ndi mkono kuti, "Mundithyolera magalasi, mayi inu." Anakokana choncho mpaka pabalaza.

Ine ndinalowa m'chipinda muja. Pakompyuta panali dzina la bambo anga, ndipo pansi pake mawu akuti akhoza, malikisi 74. Ndinawerenga katatu. Kenako ndinaona chimene chinawachedwetsa mphindi zisanu zija. Buku linali lotsegula pambali pa thireyi, cholembera chili pakati.

Loweruka. Vuto: bakha. Wokonza: Injiniya. Zotsala: palibe.

Pansi pake panali mawu amodzi, olembedwa mwamphamvu mpaka pepala kubooka pang'ono, ndi mzere kunsi kwake.

Yayenda.

Ndinakhala pampando wawo n'kulira ngati mwana, mosabisa, mamina ndi misozi yomwe. Kupabalaza nyundo inali itayamba kulira, ndipo amayi ankawauza kuti akukhoma mopendama.